Ndinalumbira kuti sindidzapondanso, lero ndimachita kuimbiratu foni

Mimba ya munthu woyenda pamsewu wa M1 ili ndi wotchi yakeyake. Mukanyamuka ku Blantyre m'mamawa, pa Lunzu imakhala chete, ikulemekeza tiyi wa kunyumba. Pa Zalewa imayamba kung'ung'udza, ndiye mumainyengerera ndi dzira lowiritsa lothira mchere wa tsabola. Pa Chingeni imakhala ikuwerenga makilomita. Mukadutsa pa boma la Ntcheu n'kuyamba kukwera zitunda zija, mphepo ikulowera pazenera lokana kutseka, mimba imataya ulemu. Pofika pa Lizulu imayankhula mokweza kuposa kondakitala.

Komatu pa Lizulu njala siyenera kuzunza munthu. Msewu womwewo ndiwo malire, kuno Malawi, uko Mozambique, ndipo m'mbali mwake kabichi amaunjikidwa ngati njerwa, tomato ali psuu m'mabeseni, anyezi, karoti, nyemba, ndi mbatata ya kachewere yodzaza ndowa mpaka kupanga chulu pamwamba. Anthu a m'tauni amaimitsa magalimoto n'kudzaza kumbuyo mpaka matayala kuphwa. Ine ndinkaganiza kuti pamalo otere lesitilanti iliyonse ingakudyetseni bwino ngakhale wophikayo ataphika ali m'tulo. Ndinalakwitsa. Patapita zaka zitatu ndinalakwitsanso kachiwiri, ndipo kulakwitsa kwachiwiriku ndikusekerera nako mpaka lero.

Dzina la malowo sinditchula, poti zimene ndiyambe kunenazi n'zochititsa manyazi, ndipo amene ankachititsa manyaziwo anachokapo kale.

Munali mu June 2021, kukuzizira monga kumachitira kumtunda kumeneko, kuzizira kolowa m'mafupa. Ntchito yanga ndi yoyendera masukulu kugulitsa mabuku, choncho ulendo wa makilomita opitirira 300 wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe ndimauyenda pafupifupi mwezi uliwonse. Tsiku limenelo minibasi yathu inatsokomola kawiri n'kuzima. Adalaivala anatsika, anasuzumira pansi, anapukuta manja pathalauza, n'kuti, "Mphindi khumi zokha, mabwana." Aliyense amene anakwerapo minibasi amadziwa kutalika kwa mphindi khumi zimenezo. Ndinanyamula chikwama changa n'kulondola chikwangwani chimene panajambulidwa nkhuku yooneka ngati khwangwala ndi nsomba yomwetulira.

Pakhomo panali ndowa ya mpopi, ija inkaikidwa paliponse Covid-19 atafika mu 2020. Ndinatsegula mpopi. Munatuluka mpweya ndi kangaude mmodzi. Ndinakankha nsalu yotchinga pakhomo, imene kale inali yoyera, ndipo ntchentche zinandilonjera zisanandilonjere anthu. M'katimo munali matebulo anayi, lina lochirikizidwa ndi chidutswa cha njerwa, wailesi ya kanema ikuonetsa filimu ya ku Nigeria, ndi mnyamata wina atatsamira khoma, maso ali pafilimupo. Pakhoma lonse la kumanja panalembedwa ndi penti wofiira mndandanda wa zakudya. Ndinawerenga, poti nthawi ndinali nayo: zinalipo 23. Chambo chokazinga, chambo chophika, nkhuku, chiwindi, mang'ina, tchipisi cha mazira, supageti, soseji, mpaka khofi wa mkaka.

"Achimwene, kuli chiyani lero?"

"Zonse zilipo," anatero osanditembenukira.

"Mundipatse chambo chokazinga."

"Chatha."

"Nkhuku?"

"Apita kukagula."

"Chiwindi?"

Apa anatembenuka n'kundiyang'ana ngati ndafunsa za maliro a agogo ake. "Chiwindi timaphika Lachisanu."

Linali Lachisanu. Sindinafune mkangano. Tinatsika nawo mndandanda wonsewo ngati aphunzitsi akuitana mayina m'kalasi ya ana othawa sukulu: uyu kulibe, uyu wadwala, uyu anasamuka. Pomaliza panatsala mwana mmodzi wopezeka, nyama ya ng'ombe ndi nsima. Safunsa anadya phula, akuluakulu anatero, koma ine ndinafunsa mafunso 22 ndipo phulalo ndinadyabe.

Madzi osamba m'manja anabwera m'beseni limene linali litayendera kale matebulo ena awiri. Mtundu wake unali wa madzi otsukira mpunga, ndipo pamwamba pankayandama kachidutswa ka tomato. Nsima inatuluka m'fuduwoma, mitanda iwiri yozizira yokhala ndi chikopa cholimba choti mungasokere nsapato, m'kati mwake mibulu ya ufa wosapsa. Nyama inali nthuli ziwiri zikusambira m'dziwe la madzi ofiirira, kutali ndi kutali ngati anthu okwiyirana. Ndinaluma yoyamba, inandibwezera. Ndinayesa mbali ina, nsagwada zinalira. Ng'ombe imeneyo iyenera kuti inakoka ngolo kuyambira nthawi ya Kamuzu.

Pakauntala panakhala bwana wa malowo, bambo wa jekete lachikopa ndi mulu wa makiyi m'chiuno, akulemba m'kabuku ka ngongole. Kuseri kwa khoma kunkamveka mawu a mayi wina akudandaula kuti makala atha, ndiponso kuti mafuta amene wapatsidwa ndi a dzana, akuda bii. Bwanayo anangoyankha kuti, "Phikani choncho, akudyawo ndi odutsa." Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu anga, ndili ndi nthuli m'kamwa.

Pali kanthu kamodzi kamene ndinakaiwala dala pofotokozera anthu nkhaniyi zaka zonse zija. Pambali pa mbale yanga panabwera kasosala ka mpiru wotendera, masupuni awiri okha. Unali mpiru weniweni, wobiriwirabe, nsinjiro zake zopsa bwino, mchere wake wokwanira. Ndinaumaliza ndi mbamu zitatu n'kupukuta sosalayo ndi chala. Koma munthu wokwiya sasunga zabwino.

Polipira ndinauzidwa mtengo wosiyana ndi wa pakhoma, ati wa pakhomawo ndi wakale. Ndinalipira, ndipo potuluka ndinayankhula mokweza kuti aliyense amve: "Nyama yanuyi ndi tayala la njinga. Ine pano sindidzapondanso."

Zotsatira zake ndingodutsapo mwachangu. Minibasi inadzuka, tinadutsa Dedza bwinobwino, koma tisanawoloke Linthipe m'mimba mwanga munayamba msonkhano wa chipani. Ndinapempha kondakitala kuti tiime. Anati, "Madala, pirirani, Nathenje ndi pompano." Nathenje sinali pompano. Tinaima pathengo, anthu 18 akundidikira, mayi wina akuuza mwana wake kuti asayang'ane.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mlaliki. Malesitilanti a m'matauni ang'onoang'ono salembedwa m'nyuzipepala, mbiri yawo imayenda pakamwa: madalaivala a mathiraki, makondakitala, aphunzitsi tsiku la malipiro, apolisi a pa rodibuloko, amayi a geni opita kukapikula tomato. Mukaona mathiraki atatu ataima pakhomo lina masana, lowani osafunsa. Mukaona pakhomo pali galu yekha atagona, pitirirani. Ine ndinadzipatsa udindo wochenjeza mtundu wa Amalawi. Minibasi ikangofika pa Lizulu ndinkaloza chala: "Mwaona apo? Musadzayerekeze." Nkhani ya tayala la njinga ndinaifotokoza kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse nyamayo inkalimbirako.

Ndiye mu July 2024 mnzanga wina woyendetsa lole ya kampani yogulitsa mbewu ananditenga pa Ntcheu. Titafika pa Lizulu anapatuka n'kuima ndendende pakhomo lomwe lija.

"Ine ndidikira m'galimoto," ndinatero.

"Tsikani, akulu."

"Pamenepa ndinalumbira."

"Munalumbirira anthu ena. Tsikani, nkhuku itithera."

Ndinatsika chifukwa cha ulemu, komanso chifukwa panali mathiraki awiri ndi njinga zamoto zisanu, ndipo lamulo la mathiraki ndinalipanga ndine. Khwangwala uja ndi nsomba yomwetulira kunalibe. Khoma linali loyera mbee ndi laimu. Ndowa ya mpopi inalipo, mwina yomwe ija, koma nditatsegula munatuluka madzi, ofunda, ndipo pambali pankalendewera sopo womangidwa pachingwe kuti asayende ndi alendo. Madzi ofunda pa Lizulu mu July! Ndinasamba m'manja kawiri, kachiwiriko chifukwa chongosangalala.

M'malo mwa nsalu ija munali chitseko cha sefa, mazenera nawonso a sefa. Ndinafufuza ntchentche ngati munthu wofufuza mnzake wakale pa ukwati, ndipo ndinapeza imodzi yokha, kunja, ikusuzumira mwachisoni. Matebulo anali asanu ndi limodzi, onse oima ndi miyendo yawoyawo, oyalidwa pulasitiki wa maluwa. Mndandanda wa zakudya 23 uja unafafanizidwa. Panapachikidwa kabolodi kakuda ngati ka sitandade 1, ndipo ndi choko panalembedwa zinthu zinayi: nkhuku ya lokolo, mbuzi, nyemba, usipa. Pansi pake: nsima kapena mpunga, masamba ndi aulere.

Amene anabwera kudzatifunsa ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Anali mnyamata wa filimu uja, tsopano atavala epuloni, atameta bwino.

"Kuli chiyani lero?" ndinafunsa, mtima uli dii.

"Zonse zilipo, bambo."

Ndinaseka mpaka mnzanga anandigwira paphewa. "Nkhuku," ndinatero, pomuyesa.

"Ntchafu kapena chidali?"

Abale, ndinatsala pang'ono kulira.

Nsima inatenga mphindi khumi, mphindi khumi zenizeni, osati za adalaivala. Kuseri kunkamveka mthiko ukugunda m'poto, phala likuphulika, ndipo itafika inali ikufuka nthunzi, mitanda itatu yosalala yoomoledwa ndi chipande chonyowetsa, yofewa koma yogwirika, yoti mukaikanda m'manja imamvera. Ndinafunsa ngati mgaiwa uliponso, anati ulipo, madalaivala ambiri amakonda umenewo poti umakhalitsa m'mimba. Nkhukuyo inali ya lokolo yeniyeni, yoyenda yokha kufuna chakudya, osati mabuloila a masabata asanu ndi limodzi amene nyama yake imasungunuka ngati thonje. Inaphikidwa nthawi yaitali pamoto wochepa, kenako n'kukazingidwa pang'ono m'mafuta ake omwe, msuzi wake wa tomato ndi anyezi wokhathamira, wogwira pambamu osathawa. Inali yolimba moyenera, yofuna mano koma yosalimbana nawo. Fupa ndinaliswa n'kuyamwa mafuta a m'kati mopanda manyazi, pamaso pa anthu.

Patebulo panali botolo la Nali ndi kambale ka tsabola wa kambuzi woduladula ndi anyezi ndi mandimu. Mnzanga anaitanitsa nyemba, ndipo ndinabako supuni imodzi, kenako zitatu. Zinali nanyati zophikidwa kuyambira m'bandakucha mpaka zina kuphwanyika zokha n'kupanga msuzi wa phalaphala, zopanda mafuta ambiri, zonunkhira utsi pang'ono. Ndimadya nyemba moyo wanga wonse, zambiri mwa izo mokakamizidwa kusukulu yogonera komweko kumene zinkabwera ndi anankafumbwe awo, ndipo sindinkadziwa kuti munthu angasirire nyemba ali ndi ntchafu ya nkhuku m'manja.

Kenako kunabwera masamba. Mpiru wotendera, mbale yodzaza. Nditangolawa, lilime linakumbuka zimene mutu unabisa. Unali mpiru womwe uja wa pasosala.

Ndili m'kati mopukuta mbale, kukhitchini kunatuluka mayi wina wa duku lobiriwira, chitenje chomangidwa molimba, akupukuta manja. Anayenda tebulo ndi tebulo kufunsa ngati anthu akhuta. Atafika pa ife anaima, anapendeketsa mutu, n'kundiyang'anitsitsa.

"Bambo, si inu a tayala la njinga?"

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Wanga unanditsata zaka zitatu n'kundipeza ndili ndi fupa m'kamwa. Ndinayamba kupepesa, koma mayiwo anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati tsiku lija anali kuseri kwa khoma ndipo anamva zonse. Anati mawu angawo anasanduka nthabwala ya kukhitchini, moti mpaka lero nyama ikakana kupsa amauzana kuti, "Onjezerani nkhuni, kungabwere a njinga aja."

"Simunaname, bambo," anatero. "Inalidi tayala. Ineyo ndinkachita manyazi kutulutsa mbale zimene zija, n'chifukwa chake sindinkaonekera."

Anakoka mpando, poti makasitomala anali atayamba kuchepa, n'kutifotokozera. Bwana wa jekete uja anali mlamu wawo. Iwo anamuphikira zaka zambiri, akulandira malipiro mwezi wina, mwezi wina ayi. Iye ankafuna lesitilanti yooneka ya m'tauni, n'chifukwa chake analembetsa soseji ndi supageti pakhoma. Koma zakudya 23 zimafuna furiji, ndipo furiji imafuna magetsi. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu ndi miyezi. Furiji ija inasanduka kabati yofunda yosungiramo nyama ya dzulo. Mu May chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mafuta ophikira anakwera, ndipo mlamuyo anayamba kuwerenga madontho.

Chimene chinamaliza zonse ndi kolera. Inabuka ku Machinga mu March 2022, inafalikira m'maboma onse, ndipo inapha anthu oposa 1,700. Mu January 2023 masukulu a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Anthu apaulendo anayamba kuopa kudya m'njira, alangizi a zaumoyo ankayendera malo odyera kuona madzi ndi zimbudzi, ndipo beseni loyenda matebulo atatu lija silikanapulumuka. Malowo anatsekedwa. Mlamu uja anagulitsa furiji ndi wailesi ya kanema n'kukwera basi ya ku Joni, kusiya ngongole ya lendi ndi kabuku kodzaza mayina a anthu amene anadya osalipira.

"Ndinakhala pakhomo miyezi inayi," anatero mayiwo. "Kenako ndinati, kodi ine chimene ndimadziwa n'chiyani? Ndi mthiko basi."

Anapita kwa eni nyumba kukapempha makiyi, n'kulonjeza kubweza ngongole ya mlamuyo pang'onopang'ono. Ndalama yoyambira anakongola ku banki m'khonde, gulu la amayi a kumpingo kwawo limene limasonkhana sabata iliyonse. Ndinawafunsa chimene anagula choyamba, ndikuyembekeza kumva za matebulo. Anati laimu, ndowa ziwiri, sefa wa mazenera, ndi mbaula ziwiri za chitetezo, zadothi zija zosadya nkhuni zambiri. Imodzi ya mbaulazo ntchito yake ndi imodzi yokha tsiku lonse, kufunditsa madzi osamba m'manja ndi otsukira mbale. Madzi akumwa amathiramo klorini. Kuseri anamanga thandala loyanikapo mbale padzuwa, ngati la kumudzi.

Wofafaniza mndandanda uja ndi mwana wawo wamkazi, amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4. Iyeyo ndiye amasunga ndalama, ndipo nambala za Airtel Money ndi Mpamba zili pakhoma zolembedwa ndi dzanja lake. Mayiwo anati poyamba anakana, poopa kuti anthu akaona zakudya zinayi zokha aziti lesitilanti yasauka. Mwanayo anawafunsa kuti, "Amayi, pa 23 paja, zimene zinkapezekadi zinali zingati?" Anagula choko tsiku lomwelo.

Apa mpamene pagona nkhani yonse, ndipo ine monga munthu amene wadya m'malesitilanti ambiri a m'mbali mwa msewu kuposa mmene dokotala angavomerezere, ndikuti mwanayo anaona chimene eni malo odyera ambiri saona. Kuyambira ku Mwanza mpaka ku Jenda mudzapeza makoma olembedwa zakudya za m'mahotela, pamene kukhitchini kuli poto mmodzi. Timachita manyazi ndi nyemba. Timaganiza kuti mlendo akufuna soseji yoyenda makilomita 200 m'galimoto yotentha, pamene kutsidya kwa msewu mayi wina akugulitsa mpiru wothyoledwa m'dimba m'mawa womwewo, mame asanaume. Mayi awa alibe furiji ndipo akuti sakuifuna. M'mawa uliwonse mnyamata uja amawoloka msewu, nthawi zina kulowa m'dziko la eni osadziwa n'komwe, n'kubwera ndi tomato, anyezi ndi masamba a tsikulo. Nkhuku zimabwera zamoyo panjinga kuchokera kumidzi. Mbuzi amagula kwa opha pamsika, yongokwanira tsikulo. Usipa ndi wouma, sufuna magetsi. Zikatha zatha, mwanayo amafufuta ndi chala pabolodi.

Mu November 2023 kwacha itagwanso ndi 44 peresenti, malesitilanti ambiri anachepetsa nthuli kapena kuthira madzi mumsuzi. Mayi aja anasiya kukazinga tchipisi, chimene chimamwa mafuta ngati mchenga, n'kusiyira anyamata a pachiwaya panja paja, amene ndi ntchito yawo ndipo amaidziwa. Wofuna tchipisi amagula panjapo n'kulowa nacho, palibe amamuthamangitsa. Masamba onse anayamba kutendera, poti mtedza amalima okha kumunda. Mtengo anakweza, inde, koma anaulemba pabolodi, ndipo umene walembedwawo ndi umene mumalipira.

Za mnyamata uja ndinafunsa monong'ona. Anati ndi mwana wa achemwali awo, ndipo sanali waulesi, ankangotopa ndi kunamiza anthu. "Munthu ungamwetulire bwanji ukudziwa kuti chilichonse chimene afunse kulibe?" Tsopano ndiye katswiri wa nsima, amathyakula mapoto ang'onoang'ono motsatizana m'malo mwa chimphika chimodzi cha m'mawa, ndipo mikono yake yasanduka ya womenya nkhonya. Filimu amaonera usiku pafoni.

Kabuku ka ngongole kaja kalipobe, koma kanaonda. Amalembamo aphunzitsi a pasukulu yapafupi ndi anamwino, anthu oti mwezi ukatha amaoneka. Mayina akale aja anayesa kuwalondola, ena analipira, ena anasamuka, wina anati iye anadya za mlamu osati za iwo. Anamusiya. Akuti anabweranso patapita miyezi, atamva fungo, ndipo analipira ngongole yakaleyo yekha asanakhale pansi.

Musaganize kuti ndagulidwa ndi ntchafu imodzi. Zolakwika zilipo. Tiyi wawo ndi wofooka, masamba a Chombe amangowaonetsa madzi patali. Wailesi imakhala yokweza kwambiri, makamaka Bullets kapena Wanderers ikamasewera, ndipo kukhitchini ndi patebulo la madalaivala sachemerera timu imodzi. Chimbudzi n'chaukhondo, chili ndi mpondagiya pakhomo, koma chili kutali moti nyengo ya mvula mumabwerako ndi matope mpaka m'mawondo. Mpunga wawo ndi wabwino tsiku limene apeza wa Kilombero wa ku Karonga, masiku ena ndi wamba. Ndipo malo ndi ochepa: nthawi ya nkhomaliro mumakhala phewa ndi phewa ndi munthu wosamudziwa, amene pofika mtanda wachiwiri amakhala atakuuzani mavuto onse a banja lake.

Cholakwika chachikulu n'chakuti mawu aja akuti "zatha" sanathe. Akumvekabe, kungoti tsopano ndi oona, ndipo amapweteka kuposa kale. Kale nkhuku inkatha isanagulidwe. Lero imatha chifukwa anthu adya. Ulendo wanga wotsatira ndinafika 2 koloko ndipo pabolodi panali patafufutidwa kale mizere iwiri. Ndinaima pamenepo ngati mwana wosapezeka pa mndandanda wa okhoza mayeso. Ndinadya usipa wa tomato, unali wokoma, koma mtima unali pa ntchafu imene inadyedwa ndi munthu wina wa thiraki ya simenti, amene anali pakona akutokosa m'mano mosandimvera chisoni.

Tsiku limenelo ndinapempha nambala ya foni. Tsopano ulendo wanga ndimaukonza motsatira poto wa mayi aja. Ndimanyamuka ku Blantyre m'mawa kwambiri, dzira la pa Zalewa ndinalisiya kuti lisadye malo, ndipo tikangodutsa pa Chingeni ndimaimba: "Mayi, ndi a njinga. Mundisungire." Makondakitala ena andizolowera. Ndikakwera amati, "Madala, lero tiimanso kwa apongozi anu?" Ndipo ine amene ndinkaloza chala pazenera kuchenjeza anthu, lero ndimaloza chala chomwecho, pakhomo lomwelo, n'kumakopa anthu osawadziwa kuti titsike tonse, kuti adalaivala asakhale ndi chifukwa chondisiya. Mayi wina amene anandimvapo ulaliki wakale uja anandikumbutsa m'minibasi, pamaso pa anthu, kuti, "Si inu munkati pamenepa amaphika matayala?" Ndinamulipirira mbale ya nyemba kuti atseke pakamwa. Anaitanitsa yachiwiri ndi ndalama zake.

Mwezi wathawu ndinachedwa. Pa Zalewa panali mzere wautali, foni yanga inathera moto pa Phalula, ndipo ndinafika pa Lizulu dzuwa litapendeka. Pabolodi panatsala mawu amodzi okha, nyemba. Ndinasamba m'manja, ndinakhala pansi, ndinauza mnyamata uja kuti andipatse zomwe zilipozo. Nsima inabwera, nyemba zinabwera, mpiru unabwera. Kenako mayi aja anatuluka okha, atanyamula kasosala kovundikira ndi mbale ina, n'kukaika patsogolo panga osanena kanthu. Nditavundukula ndinapeza nthutumba ya nkhuku, yathunthu, ili mumsuzi pang'ono, chiwalo chimene kwathu amapatsa mwini khomo kapena mlendo wolemekezeka.

"Ndinadziwa kuti lero ndi tsiku lanu," anatero. "Koma tafunani bwino, bambo. Imeneyo ndiye imalimba ngati tayala."

Kunja adalaivala anali atayamba kale kuliza hutala. Ndinawakweza dzanja pazenera la sefa, zala zisanu kawiri: mphindi khumi zokha.